Kalata yotseguka kwa oyendetsa zipatala: namwino wotopa ndi chiopsezo chimene inu mungachichepetse

Kwa nduna zoona za umoyo, akuluakulu oyendetsa zipatala, mamatroni ndi mabungwe opereka ziphaso kwa anamwino,

Olemekezeka,

Ndalemba kalata ino pofuna kukupemphani chinthu chimene chili kale m'manja mwanu: kuti muyambe kuona kutopa kwa anamwino ngati chiopsezo kwa odwala, chimene chiyenera kuyezedwa, kulembedwa ndi kuchepetsedwa monga momwe mumachitira ndi matenda opatsirana m'wodi kapena mankhwala otha mphamvu. Kwa nthawi yaitali nkhani imeneyi yakhala ikusiyidwa kwa namwino mwini, ngati kuti ndi nkhani ya khalidwe lake. Akalakwitsa amauzidwa kuti azikhala tcheru, akaodzera pa desiki amapatsidwa kalata ya chenjezo, ndipo akakana kubwera pa duti tsiku lake lopuma amaonedwa ngati wosaganizira odwala. Koma amene analemba ndandanda ya ntchito yoti namwinoyo aweruke 9 koloko usiku n'kudzalowanso 7 koloko m'mawa safunsidwa kalikonse, chonsecho kutopa kwambiri kwa m'chipatala kumayambira pa pepala limenelo.

Thupi la munthu lili ndi malire amene sasuntha chifukwa choti mwini wake wavala yunifolomu kapena analumbira kutumikira odwala. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anayerekezera anthu amene sanagone ndi anthu amene amwa mowa, ndipo anapeza kuti munthu akakhala maso kwa maola 17, maso ndi manja ake zimafooka mofanana ndi za munthu amene mowa wa m'magazi mwake wafika pa 0.05 peresenti, mlingo umene mayiko ambiri salola munthu kuyendetsa nawo galimoto. Akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti. Maola 17 sachedwa kukwana. Namwino amene wadzuka 6 koloko m'mawa, n'kulephera kupeza tulo masana asanayambe naiti yake yoyamba, amawakwanitsa pofika 11 koloko usiku, ntchito ili kutali ndi kutha, ndipo nthawi yogawa mankhwala a m'mawa imamupeza atakhala maso usana ndi usiku wathunthu. Palibe matroni amene angalole namwino wonunkha mowa kugwira sirinji, koma amene ubongo wake wafooka mofananamo chifukwa cha tulo timamupatsa makiyi a kabati ya mankhwala oopsa.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yovuta n'chakuti munthu wotopa sadziwa bwino kukula kwa kutopa kwake. Kafukufuku amene Hans Van Dongen ndi anzake anasindikiza mu 2003 anasonyeza kuti anthu amene ankagona maola 6 okha usiku uliwonse kwa masabata awiri, nzeru zawo zinkatsika tsiku ndi tsiku mpaka kuyandikira za munthu amene wachezera usiku umodzi kapena uwiri osagona n'komwe, koma iwo akafunsidwa ankanena kuti akungomva tulo pang'ono. Choncho woyang'anira akafunsa namwino kuti, "Kodi mungathe kupitiriza mpaka mawa?" ndipo iye n'kuyankha kuti angathe, sikuti akunama. Iye akunena zimene akumva, koma zimene akumvazo sizodalirika. N'chifukwa chake malire a maola ayenera kulembedwa pasadakhale ndi anthu amene agona mokwanira, osati kukambirana pa khonde la wodi 7 koloko madzulo pamene wolowa m'malo sanabwere.

Umboni wokhudza anamwino enieniwo ulipo, ndipo wakhalapo kwa zaka zoposa 20. Mu 2004 Ann Rogers ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Health Affairs zotsatira za kafukufuku amene anamwino 393 a ku United States ankalemba tsiku lililonse maola amene agwira komanso zolakwika zimene achita kapena kutsala pang'ono kuchita. Pa mashifiti oposa 5,000, pafupifupi 40 pa 100 alionse anapitirira maola 12, ndipo namwino akagwira maola 12 ndi theka kapena kuposerapo, mpata woti alakwitse unkakula katatu. Zolakwika zoposa theka zinali zokhudza mankhwala. Mfundo ina ya m'kafukufukuyu imene oyang'anira ayenera kuisamala ndi yakuti anamwinowo ankaweruka pa nthawi yolembedwa kosakwana kamodzi pa maulendo asanu alionse, kutanthauza kuti ndandanda imene ili pa khoma ndi maola amene agwiridwadi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa nthawi yomweyo bungwe la akatswiri a zaumoyo ku United States lotchedwa Institute of Medicine linalangiza kuti namwino wosamalira odwala asagwire maola oposa 12 pa maola 24, ndiponso asapitirire maola 60 pa masiku 7. Mu Disembala 2011 bungwe la Joint Commission, limene limayendera ndi kuvomereza zipatala m'dzikolo, linatulutsa chenjezo lapadera lonena kuti kutopa kwa ogwira ntchito zachipatala kumaika odwala pangozi.

Aliyense amene anagwirapo naiti akudziwa mmene 4 koloko ya m'bandakucha imakhalira. Thupi limazizidwa ngakhale kunja kukutentha, chifukwa imeneyi ndi nthawi imene kutentha kwa thupi kumatsika kwambiri ndipo ubongo umafuna tulo mwamphamvu. Maso amawerenga mzere umodzi wa pa faelo kawiri kapena katatu usanalowe m'mutu. Kadontho kamene kamasiyanitsa 1.0 ndi 10 kamasowa, timabotolo tiwiri ta jakisoni tofanana msinkhu timaoneka ngati mankhwala amodzi, ndipo namwino amaima pambali pa bedi akudzifunsa ngati wawerengadi madontho a diripu kapena anangoganiza zowawerenga. Nthawi zina ubongo umazima kwa masekondi angapo maso ali otsegula, mwini wake osazindikira. Ndipo choopsa pa nthawi imeneyi si zimene namwino amachita molakwika zokha ayi, komanso zimene zimamudutsa: wodwala amene wayamba kupuma mofulumirako, mwana amene wasiya kulira n'kungokhala lefu, mayi amene magazi sakuleka kutuluka atabereka. Zotere sizilowa m'buku la zolakwika, chifukwa palibe chimene chinachitidwa. Zimangooneka m'mawa ngati wodwala amene matenda ake anakula mwadzidzidzi.

Mu Julayi 2006, m'chigawo cha Wisconsin ku United States, namwino wodziwa bwino ntchito ya uchembere anagwira mashifiti awiri otsatizana a maola 8 mpaka pakati pa usiku, anagona pachipatala pomwepo, n'kuyambanso ntchito 7 koloko m'mawa. Tsiku limenelo anatenga thumba la mankhwala ochititsa dzanzi, amene amayenera kulowa kudzera pa msana, n'kulilumikiza ku mtsempha wa mtsikana wazaka 16 amene anali mu leba, poganiza kuti ndi penisilini. Mtsikanayo anamwalira, ndipo mwana wake anapulumuka kudzera mu opareshoni. Akatswiri amene anafufuza pambuyo pake anatchula zifukwa zingapo, kuphatikizapo mathumba ofanana, makina otsimikizira mankhwala amene sanagwiritsidwe ntchito, ndi kutopa. Amene anaimbidwa mlandu kukhoti anali namwino yekhayo. Sindikunena kuti iye analibe udindo pa zimene zinachitika, koma ndikufunsa kuti chipatala chimene chimalandira mokondwa namwino wodzipereka kugwira maola 16, n'kumulola kubwereranso patangopita maola 7, chili ndi gawo lanji pa imfa yotere.

Ntchito zina zimene moyo wa anthu umadalira munthu mmodzi zinayankha kale funso limeneli. M'mayiko a European Union dalaivala wa lole saloledwa kuyendetsa maola oposa 9 pa tsiku, kupatula kawiri pa sabata pamene angafike 10, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka amayenera kupuma mphindi 45. M'galimoto muli makina olemba zonsezi, ndipo kampani yophwanya lamulo imalangidwa. Oyendetsa ndege nawonso ali ndi malire a maola, ndipo bungwe la NASA, lofufuza za ndege ndi zamlengalenga ku United States, litayesa kuwalola kugona mosinthana pa maulendo ataliatali, linapeza kuti tulo ta mphindi pafupifupi 26 tinkawathandiza kukhala tcheru pa nthawi yovuta yotera. Pa ntchito ya unamwino malamulo aliponso. Pangano nambala 149 la mu 1977 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limanena kuti anamwino ayenera kukhala ndi maola a ntchito, malipiro a ovataimu ndi masiku opuma zofanana kapena zabwino kuposa za ogwira ntchito ena m'dziko lawo, ndipo lamulo la European Union la mu 2003 limafuna maola 11 opuma mosadukiza pa tsiku komanso maola osapitirira 48 pa sabata tikatenga avareji. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wowerengera ngati malamulowa akutsatidwa m'wodi.

Pempho langa loyamba, limenenso ndi lalikulu, n'lakuti muziwerenga maola enieni. Tengani wodi imodzi, muike ndandanda ya mwezi watha pambali pa nthawi imene namwino aliyense analowadi ndi kutuluka, kuphatikizapo nthawi yosiyirana odwala, nthawi yomaliza kulemba mafaelo, ovataimu ndi lokamu (ganyu yotseka mpata pamene anamwino aperewera), ngakhale lokamu ya ku chipatala china. Manambala amenewa aziwerengedwa pa msonkhano womwewo umene mumamvapo za ndalama ndi za odwala amene amwalira. Pa fomu iliyonse yofotokozera ngozi kapena cholakwika pakhale malo olembapo kuti namwino anali atagwira maola angati, linali tsiku lachingati motsatizana, ndipo anapuma maola angati asanalowe. Mafunso atatu amenewa safuna ndalama, koma pakatha chaka mudzakhala mukudziwa mawodi ndi maola amene ngozi zimachulukira. Mabungwe opereka ziphaso nawonso asamaweruze mlandu wa namwino popanda kuitanitsa ndandanda ya masabata awiri a m'mbuyo mwa tsiku la ngoziyo.

Mukawerenga, ikani malire amene sangathyoledwe ndi foni ya woyang'anira. Pakati pa shifiti ndi shifiti pazikhala maola osachepera 11, popeza m'maola amenewo ndi mmene muli ulendo wopita kunyumba, kusamba, kudya, kusamalira a pabanja, tulo ndi ulendo wobwerera. Manaiti otsatizana akhale ochepa, atatu kapena anayi, ndipo akatha namwino apatsidwe nthawi yokwanira kugona usiku uwiri asanabwerere. Kusinthana kuziyenda kuchokera m'mawa kupita masana kenako usiku, chifukwa thupi limavomera mosavuta kuchedwa kugona kusiyana ndi kufulumira. Ndandanda izituluka masabata angapo isanayambe kugwira ntchito ndipo isamangosinthidwa ndi cholembera tsiku lililonse. Za mashifiti a maola 12 ndikudziwa kuti anamwino ambiri amawakonda chifukwa amachepetsa masiku obwera ku ntchito, ndipo sindikuganiza kuti kuwathetsa mwadzidzidzi n'kwanzeru. Komabe kafukufuku wa anamwino oposa 31,000 m'mayiko 12 a ku Ulaya, amene anasindikizidwa mu 2015, anapeza kuti ogwira mashifiti otere ndi amene ankatheratu mphamvu komanso kufuna kusiya ntchito. Kumene mwasankha kuwasunga, maola 12 akhale mapeto enieni, osati poyambira kuwonjezera.

Nkhani ya kugona pa naiti ikufuna kulimba mtima kwanu, chifukwa m'zipatala zambiri namwino wopezeka atatsinzina amatengedwa ngati wapalamula. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa namwino amene wagwidwa ndi tulo pa mpando wodi ilibe woiyang'anira, ndi namwino amene wapita kukagona mphindi 20 kapena 30 pa nthawi yodziwika, atasiyira mnzake odwala ake mwadongosolo, n'kudzutsidwa ndi kupatsidwa mphindi zingapo kuti mutu uyere asanagwire mankhwala. Choyambacho chimachitika kale ngakhale mumachiletsa, ndipo chimachitika mobisa. Chachiwiricho chimafuna chipinda chabata chokhala ndi pogona, chotsekeka, pafupi ndi wodi, komanso lamulo lolembedwa lonena kuti kupuma kotere n'kololedwa. Chimafunanso kuti pakhale munthu woti n'kusiyira odwala, pakuti nthawi yopuma imene namwino amaithera akumvetsera belu kapena akudya ataimirira pafupi ndi tebulo la mankhwala si yopuma. Khofi amathandiza kwa kanthawi kumayambiriro kwa usiku, koma akamwedwa m'bandakucha amaononga tulo ta masana, ndipo vuto limangosamukira ku naiti yotsatira.

Ndikudziwa yankho limene ambiri mwa inu muli nalo, ndipo si lopanda pake: anamwino ndi ochepa. Lipoti la mu 2020 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linati dziko lonse lili ndi anamwino pafupifupi 27.9 miliyoni ndipo likuperewera 5.9 miliyoni, ndipo kuperewera kwakukulu kuli m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Matroni amene ali ndi mabedi odzaza ndi mayina ochepa pa ndandanda sangapange anthu ndi manja ake. Koma kutseka mipata ndi ovataimu kuli ngati kutunga m'chitsime chimene chikuphwa: lero madzi apezeka, koma otopawo amadwala, amajomba, ena amasiya ntchito kapena kusamukira kwina, ndipo otsalawo amasenza katundu wolemera kuposa kale. Linda Aiken ndi anzake, atafufuza zipatala 168 za ku Pennsylvania ku United States, anapeza mu 2002 kuti wodwala mmodzi aliyense wowonjezeredwa kwa namwino ankakweza ndi 7 peresenti mpata woti wodwala wa opareshoni amwalire pasanathe masiku 30, ndipo ankakweza ndi 23 peresenti mpata woti namwinoyo atheretu mphamvu. Kafukufuku wa m'mayiko 9 a ku Ulaya, amene anatuluka mu 2014, anapezanso 7 peresenti yomweyo pa imfa. Chigawo cha Queensland ku Australia chitakhazikitsa mu 2016 lamulo loti m'mawodi ena namwino mmodzi azisamalira odwala anayi masana ndi asanu ndi awiri usiku, ofufuza anapeza kuti imfa zinachepa, odwala ankatuluka msanga, obwereranso m'chipatala anachepa, ndipo ndalama zimene zinapulumuka zinaposa kawiri zimene zinalipidwa kwa anamwino owonjezerawo. Manambala a ku Queensland sangakwanitsidwe paliponse mawa, koma amasonyeza kuti nduna yoona za chuma ikhoza kuuzidwa nkhaniyi m'chinenero chake.

Kumene anamwino sangawonjezeredwe msanga, pali zinthu zimene zingachotsedwe pa mapewa awo. Namwino wa naiti sayenera kuthera mphamvu zake pofunafuna machira, kukankha silinda ya mpweya, kuthamangitsa magazi ku labu kapena kulemba zinthu zomwezo m'mabuku atatu. Ntchito zosafulumira, monga kuwerengera katundu wa m'wodi, zikhoza kuchoka m'maola a m'bandakucha. Mankhwala oopsa monga insulini, potaziyamu ndi mofini aziwerengedwa ndi anthu awiri, aliyense payekha, ndipo ofanana maonekedwe asamasungidwe pa shelefu imodzi. Ndipo pamene wodi yatsala ndi anthu ochepa kwambiri, chisankho chochepetsa mabedi kapena kuimitsa maopareshoni osafulumira chipangidwe ndi mkulu wa chipatala, dzina lake lilembedwe, m'malo mosiya namwino wamng'ono kuti asankhe yekha wodwala woti asamuone.

Pali mfundo ina imene anzanga ena sangakondwe nayo, koma iyenera kunenedwa. Anamwino ambiri amapempha okha ovataimu ndi lokamu, ndipo ena amaweruka pa chipatala china n'kulunjika ku china. Ambiri amatero chifukwa malipiro a mwezi sawafikitsa kumapeto kwa mwezi. Mukaika malire a maola osakhudza malipiro, ntchito yowonjezerayo siidzatha, idzangobisika, ndipo mudzakhala ndi anamwino otopa mofanana amene tsopano akukubisirani. Malire a maola ndi malipiro okwanira ziyenera kukambidwa pa tebulo limodzi ndi mabungwe oimira anamwino. Kumbali yawo, anamwino ali ndi udindo wobwera pa ntchito atagona, koma udindo umenewo umayenda limodzi ndi ufulu wonena kuti, "Sindili bwino kugwira mankhwala panopa," popanda kuopa kuti mawuwo adzatulukira pa nthawi yokwezedwa pa ntchito kapena yopempha tchuthi.

Musaiwalenso kuti namwino nayenso ali ndi thupi limene limadwala. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kunachititsa imfa pafupifupi 745,000 za sitiroko ndi matenda a mtima m'chaka cha 2016, ndipo kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi sabata ya maola 35 mpaka 40. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa mu 2007, ndipo inabwerezanso mu 2019. Ntchito ya usiku m'chipatala singathe, choncho ogwira naiti kwa zaka zambiri ayenera kuyezedwa thanzi kawirikawiri, ndipo oyembekezera ndi achikulire apatsidwe mwayi wochepetsa manaiti popanda kutaya malipiro.

Udindo wanu suthera pa geti la chipatala. Pa kafukufuku wa Linda Scott ndi anzake wa mu 2007, anamwino pafupifupi awiri mwa atatu alionse, mwa 895 amene anafunsidwa, ananena kuti anavutikapo ndi tulo akuyendetsa galimoto pochokera ku ntchito m'masabata anayi okha. Amene amakwera njinga kapena kuyenda pansi m'mphepete mwa msewu nawonso sali otetezeka. Chipatala chikhale ndi malo oti woweruka naiti agonepo kaye ngati akuona kuti sangafike bwino kunyumba, ndipo kumene n'kotheka chikonze galimoto yotula ogwira usiku. Misonkhano ya m'mawa, maphunziro ndi zokambirana za milandu zisamaikidwe pa nthawi imene wa naiti wangoweruka, ndipo foni yomuitana kuti adzatseke mpata isamalire masana pamene akugona.

Ndikupempha kuti chipatala chilichonse chisankhe mkulu mmodzi wodziwika ndi dzina amene aziyankha za maola a anamwino, ndiponso kuti pasanathe miyezi itatu muuze anamwino anu, polemba, malire amene mwagwirizana ndi tsiku limene ayambe kugwira ntchito.

Ine wanu pa ntchito yosamalira odwala,

Namwino wa m'wodi